Dzanja la pa Chingwe

Ng'ombe ya malowolo a Monalisa inali isanazolowere n'komwe khola la achimwene anga, a Lorenso, pamene kunatulukira munthu n'kunena kuti ndi yake.

Ine ndine Esinala, wa shopu ya fotokope ija ili kuseri kwa msika wa Ngabu. Ndimajambula mapepala, kusindikiza makalata ndi kumata ziphaso m'pulasitiki, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sakunama. Monalisa ndi mwana wa achimwene, koma mayi ake atamwalira anakulira m'manja mwanga, moti pa tsiku la malowolo ndinaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Mnyamata womulowola, Rodney, amayenda m'midzi pa njinga yamoto kugulira ng'ombe mabwana a ku Blantyre. Achimwene anali atanenetsa kuti mwana wophunzira za makompyuta salowoledwa ndi mbuzi, ndiye Rodney anabweretsa ng'ombe yaikazi, yofiira ya mawanga oyera, ya bere. Mudzi wonse unabwera kudzaiona, poti m'khola limenelo munalibe kanthu chichitikireni madzi osefukira aja.

Munthuyo tinamupeza ataima pa mpanda wa khola dzuwa lili paliwombo. Anali bambo wachikulire, wowonda, fumbi mpaka m'mawondo, dzanja lamanja ali nalo m'thumba la jekete, kutentha konseko.

"Tikuthandizeni, bambo?" achimwene anafunsa.

"Ndine Kalioti, wa kwa Mbenje. Ng'ombe iyi n'njanga. Inasowa kudambo mwezi watha. Ndaifunafuna mpaka ku Bangula, dzulo wakabaza wina n'kundiuza kuti kuno kwalowa yofiira ya mawanga."

"Mwasokoneza, bambo. Iyi ndi ya malowolo a mwana wanga."

"Nkhabe," a Kalioti anapukusa mutu. "Ine sindinasokoneze."

Ng'ombeyo inasendera n'kuyamba kuwanyambita mkono. Pofuna kuikanda pamphumi anatulutsa dzanja lija, ndipo tonse tinaona kuti lili ndi zala zitatu zokha.

"Mwaona? Ikundidziwa."

"Ng'ombe imanyambita aliyense wa thukuta, ikufuna mchere," ndinatero ine.

Anthu anayamba kudzadza pabwalo. Kwathu kuno nkhani ya ng'ombe siichedwa kutulutsa miyala, ndiye achimwene anaimbira foni apolisi, kunabwera Sajeni Hadija, mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Iwo anangotambasula dzanja n'kuti, "Makhadi."

Bungwe la alimi a ng'ombe la kuno, litatopa ndi mbava, linayamba kupereka khadi kwa ng'ombe iliyonse. Pakhadipo pamakhala chithunzi cha ng'ombeyo, nambala yake, dzina la mwini ndi deti lomwe inajambulidwa. Pulogalamu ya pakompyuta yosindikiza makhadiwo analemba ndi Monalisa wathu yemweyu, ndipo ine ndinkauza kasitomala aliyense zimenezi, ngakhale wongodzafunsa njira. Koma popeza ndilibe ng'ombe, khadi lenilenilo ndinali ndisanaligwirepo.

Achimwene anatulutsa khadi lomwe Rodney anapereka limodzi ndi ng'ombe. Linali loyera, lowala, mawanga onse akuoneka, ngakhale ntchentche ukanaiona. A Kalioti anatulutsa lawo m'kapepala ka shuga. Mayo! Chithunzi chake chinali chimbuuzi chokhachokha, ng'ombe ngati chulu cha miyendo inayi.

"Nambala ndi imodzi, deti ndi limodzi, la chaka chatha, koma mayina awiri," Sajeni anatero. "Limodzi ndi labodza. Mayi Esinala, inu mumagwira za mapepala. Mukuti bwanji?"

Ndinalitembenuza kamodzi kokha la a Kalioti. "Ili ndi fotokope ya fotokope. Munthu anajambula khadi la Rodney wathu pa makina otha inki n'kuikapo dzina lake. Ntchito imeneyi ndadyera zaka, sindingasokonezeke." Ndikanalekera pomwepo. Koma anthu anali akundiyang'ana, pakamwa panga n'kuthamanga. "Inu bambo, ndi zala zitatu zomwezo mukubera anthu chonchi, nanga zikanakhala zisanu?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. A Kalioti anabweza dzanja lija m'thumba. Anyamata ena anali atatola kale zidutswa za njerwa, ndiye Sajeni anawagwira mkono n'kuwakweza pagalimoto.

"Ndikawasunga, mungawaphe. Lolemba akaonekera kukhoti pa mlandu wa khadi lachinyengo. Mayi Esinala, mudzakhala mboni."

Nditatembenuka ndinaona Monalisa ataima pakhomo la nyumba, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Ndinangoti mwana wakhumudwa kuti amusokonezera chisangalalo chake.

* * *

M'mawa mwake ndikusesa m'shopu kunalowa a Macdonald, kalaliki wa bungwe la ng'ombe lija, atavala tayi ngati kunja kulibe dzuwa.

"Madamu, ife a ofesi tili pa mavuto," anayamba asanapereke n'komwe moni. "Mphenzi ija inatiwotchera kompyuta ndi makina omatira. Kompyuta ili ku Blantyre, akuti akuiunika. Awa ndi makhadi omaliza omwe tinasindikiza isanafe, eni ake akundisowetsa mtendere. Mutimatire, bilu mutumize ku komiti."

Anathira mulu wa makhadi patebulo. Ndinatola limodzi, ndinatola lina, ndinafukula pansi pa muluwo. Onse anali chimbuuzi, ng'ombe ngati zulu.

"A Macdonald, inki inakutherani?"

"Inki? Ayi, madamu, amatuluka choncho chiyambire. Kunena zoona alimi amatinyoza. Wina anabweza lake akuti tamujambulira mvuu. Ine ndinalemba lipoti, koma mwana wanu amangoti akukonza, akukonza."

"Onse amatuluka chonchi? Palibe ngakhale limodzi loyera, loti mawanga n'kumaoneka?"

Anaseka, akukonza tayi. "Makhadi onse a bungwe adutsa m'manja awa. Loyera sitinatulutsepo."

Tsache linandigwa m'manja.

* * *

Rodney ndinamupeza kumsika wa ng'ombe, atakhala pa njinga yake yofiira, akudya chimanga chootcha.

"Azakhali! Zili bhobho? Za madala aja musadandaule nazo, anthu otero alipo ambiri. Akangomva kuti kwinakwake kuli ukwati, basi, ayamba madilu."

"Ng'ombe ija unaigula kuti, mwananga?"

"Kwa m'Mozambiki wina, chaka chatha. Ndinkaisungitsa kwa mnzanga kutsidya, n'chifukwa chake simunaionepo."

"Mnzakoyo dzina lake ndani?"

"Aaa, inu simungamudziwe. Panopa anapita ku Joni."

"Nanga khadi unalitenga kuti?"

"Ku ofesi, kwa Macdonald. Nanga makhadi amachokera kuti?" Anaseka, koma chimanga chija anasiya kutafuna. "Bwanji kodi, azakhali, mwalowa upolisi?"

"Ndine mboni Lolemba. Ndikufuna ndikayankhe zolongosoka."

"Mukangonena zomwe munanena dzulo zija. Munawamaliza madala aja, anthu akusekabe mpaka pano."

Anati andiperekeze pa njinga, ndinakana. Ndinkayenda m'msikamo anthu akundilonjera mwansangala, mayi wina wogulitsa tomato n'kundikweza zala zitatu m'mwamba akuseka. Ndinayang'ana kumbali ngati sindinamuone.

* * *

Ndinagula mabanzi ndi botolo la maheu n'kupita kupolisi. Sajeni Hadija anandiyang'ana, anayang'ana mabanzi aja, osafunsa kanthu. Anawatulutsa a Kalioti n'kuwakhazika pabenchi pakhonde.

"Ndabwera ndi mafunso, bambo," ndinatero, maso ali pansi.

"Funsani, mama."

"Khadi lanu munalipeza bwanji?"

"Anabwera anyamata a bungwe kumudzi, chaka chatha, thonje litangotha. Ankajambula ng'ombe ndi foni. Yangayi inavuta, siikonda alendo. Ndinachita kuigwira chingwe pafupi ndi mphuno kuti iime. Patapita masiku ndinakatenga khadi ku ofesi. Ndinawauza kuti iyi sikuoneka, iwo anati onse ali choncho."

"Isanasowe, kunabwera munthu wachilendo?"

"Kunabwera mnyamata wa njinga yamoto yofiira. Anaiyang'ana mano, anaigwira mimba, akuti ndimugulitse. Ndinakana. Ndili nayo imodzi yomweyi, mama, ndipo mwana ali m'mimbayo ndinalonjeza kale mdzukulu wanga wa ku sekondale."

Sindinafunse za nkhope ya mnyamatayo. Njinga zofiira n'zambiri, ndinadziuza choncho.

Ndinapempha Sajeni kuti ndionenso makhadi aja. Ulendo uno sindinayang'ane chithunzi, ndinayang'ana pulasitiki. Makina anga omatira ali ndi chilema. Mwana wa kasitomala anaponyamo kapini, ndiye chilichonse chodutsamo chimatuluka ndi kamzere kowonda m'mphepete, ngati tsitsi. Ndinapendeketsa khadi la a Kalioti padzuwa, panalibe kanthu. Ndinapendeketsa la Rodney. Kamzere kaja kanali pomwepo, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Ine khadi limenelo sindinalimatepo. Koma ndinakumbukira tsiku lomwe ine ndi Monalisa tinapita ku Nchalo kukasankha nsalu za anamwali operekeza mkwati. Rodney anadzipereka yekha kuti atsala pashopu, tisataye makasitomala. Ndinamuyamikira kwa aliyense mu minibasi, kuti akamwini otere anatha kale.

"Mwaona chiyani?" Sajeni anafunsa.

"Mundipatse mpaka madzulo ano."

"Dzulo simunapemphe nthawi," anatero, akubweza makhadi mu envelopu.

A Kalioti anali asanakhudze mabanzi aja. Nditadzuka anandithokoza m'Chisena, "Takhuta, mama," ndipo ndikanakonda akananditukwana.

* * *

Monalisa amagwirira ntchito kuseri kwa shopu yanga, pa katebulo kali pafupi ndi pulinta. Ndinamupeza atatsegula laputopu koma manja ali pamiyendo. Ndinatseka chitseko cha shopu, ngakhale panja panali anthu awiri ofuna fotokope.

"Iwe, tandiuza. N'chifukwa chiyani makhadi a bungwe amatuluka ngati ajambulidwa mu utsi?"

Anandiyang'ana kamodzi n'kugwetsa nkhope. "Mwakumana ndi a Macdonald."

"Ndakufunsa funso."

"Chithunzi cha papepala ndi timadontho, azakhali," anayamba motsitsa mawu. "Timadontho tikachuluka pamalo ochepa, chithunzi chimayera. Tikachepa, chimakhala chimbuuzi. Tsono pulogalamu yanga siilankhula yokha ndi pulinta. Pakati pali chomwe timati laibulale, ndiye kuti zida zomwe anthu ena analemba kale, ife timangozigwiritsa ntchito. Ndi imene imatenga tsamba n'kulipereka kwa pulinta. Ukapanda kuiuza kuti uike timadontho tingati pa inchi, imasankha yokha, ndipo imasankha tochepa, 72 basi."

"Ndiye iwe sunaiuze? Sukulu yonse ija?"

"Ndinaiuza! Ndinalemba 600. Koma mzere umenewo ndinauika pansi, tsamba litakonzedwa kale. Laibulaleyo inkafika pa lamulo langalo itamaliza kujambula, ndiye linkangopita pachabe, ndipo siinkadandaula, siinkaonetsa kuti pali cholakwika. Ine ndinkati vuto ndi pulinta ya ku ofesi, kenako ndinkati ndi mafoni ojambulira. Chaka chathunthu alimi akundiseka, inu muli pano kuuza anthu kuti ndine katswiri. Ndinkachita manyazi kukuonetsani ngakhale khadi limodzi."

"Pano unakonza?"

"Mwezi watha. Ndinangokweza mzere uja pamwamba, kuti laibulale imve za timadontho isanayambe tsamba. Ndinayesa pa pulinta yanuyi, chinatuluka choyera. Ndimati ndikaike ku ofesi, mphenzi n'kuwotcha kompyuta."

"Ndiye pulogalamu yokonzedwayo ili kuti ndi kuti?"

Anangoika dzanja pa laputopu.

"Muno mokha?"

"Muno mokha."

"Khadi la Rodney lili ndi deti la chaka chatha, koma ndi loyera. Chaka chatha kunalibe makina otulutsa loyera."

"Kunalibe."

"Ndani wina amatsegula laputopu imeneyi?"

"Pasiwedi ndinamuuza ndekha. Ankaoneramo mpira ndikakhala ndatanganidwa." Misozi inayamba kutsika koma mawu sanasinthe. "Muno muli zithunzi za ng'ombe zonse za bungwe. Deti pulogalamu imatenga pa chithunzi, munthu sungalisinthe. Akanajambula chatsopano, khadi likanaonetsa kuti ndi la mwezi uno. Ndiye anatsegula ng'ombe ya a Kalioti, anafufuta dzina, analemba lake, anasindikiza, n'kubwezeretsa dzina lija. Iye anazolowera makhadi a chimbuuzi. Litatuluka loyera mwina anangoti wachita mwayi."

Ndinakhala pa katoni ya mapepala. Kenako chinthu china chinandibaya.

"Iwe Monalisa, zimenezi wadziwa liti?"

Anayang'ana kumbali.

"Ndati wadziwa liti?"

"Tsiku la malowolo. Amalume ake a Rodney akupereka khadi kwa ababa, ndinaliona kuwala kwake ndili pamphasa. Inu munali mukuimba nthungululu."

"Ndiye dzulo, bambo aja akukwezedwa pagalimoto, anyamata atanyamula njerwa, iwe unali pakhomo ukudziwa?"

"Ndinkati mwina anaigula kwa wakuba osadziwa, khadi n'kungopanga chifukwa cha mantha. Ndinkati ndimufunsa tikakhala awiri. Ndinkati..." Anadziphimba kumaso. "Azakhali, ndinkamufuna. Ndikanaima pati n'kunena kuti ng'ombe yondilowolera ine ndi yakuba?"

Ndinafuna kumukalipira. Ndikanamukalipira ndi pakamwa pati? Iye anangokhala chete, amene analankhula ndine.

Ndisabise, maganizo oipa anandifikira. Kompyuta ya ku ofesi inali yakufa. A Macdonald sakanapita okha kupolisi, saona patali kuposa tayi yawo. Kamzere ka pulasitiki ndinkakadziwa ine ndekha. Achimwene ndi mkulu wa mpingo, akanayenda bwanji pamsewu? Ndinati, "Mwina tingopempha Sajeni kuti nkhaniyi ithere pakhomo. Tinene kuti tawakhululukira bambo aja."

"Tiwakhululukire ife?" Monalisa anapukuta maso ndi chitenje. "N'kupita kwawo opanda ng'ombe, dzina lawo lili la wakuba?"

Anakokera laputopu pafupi n'kuyamba kulemba. "Rodney adzati Macdonald ndi amene anasokoneza, kapena adzati ine ndinamupangira. Pakufunika chinthu choti asachikane. Chithunzi chimenechi sindinachionepo chachikulu. Ndichitulutsa pa tsamba lonse, pa 600."

Pulinta yanga ikamasindikiza zoyera imachedwa, imakoka pepala pang'onopang'ono ngati ikuganiza. Tinaima tonse awiri tikuyang'ana. Zinayamba kutuluka nyanga, kenako mphumi ya banga loyera, maso, mphuno yonyowa. Pansi pa mphunoyo panali chingwe cha buluu. Pakona ya pepala, pomwe pa khadi la a Kalioti pankaoneka kachinthu kakuda ngati dontho la matope, panatuluka dzanja la munthu litagwira chingwecho zolimba.

Linali ndi zala zitatu.

* * *

Achimwene titawaonetsa pepalalo anakhala pa mpando nthawi yaitali, chipewa chili pa bondo.

"Ndinaumiriza ng'ombe ndine," anatero pomaliza. "Mwanayo anandipempha kuti apereke mbuzi kaye, ine ndinati anthu adzandiseka." Anapuma mozama. "Chabwino. Mawa kusanache tipeze anyamata aiperekeze kupolisi, adzere njira ya kumunda. Anthu asaone."

"Ayi, ababa," Monalisa anatero. "Anawaseka masana, anthu onse akuona. Ndiitenga ndekha, ndipo ndidzera mumsika."

"Mwana iwe, ukudziwa zomwe adzakunene? Mkazi wobweza yekha malowolo ake?"

"Adzanena zoona."

Monalisa anamanga ng'ombe ija chingwe dzuwa likadali pamwamba. Ine ndinkabwera pambuyo, pepala lija ndalinyamula m'manja awiri. Njira ya kupolisi imadutsa pakati penipeni pa msika, ndipo sindinaionepo kutalika ngati tsiku limenelo. Akabaza anaima. Mayi wa tomato uja anadzuka, manja m'chiuno. Wina anakuwa kuti, "Ukwati watha kodi?" Wina n'kuti, "Mayi Esinala, lero mwatani, pakamwa mwaiwala kunyumba?" Nkhope yanga inkayaka, ndinkangoyang'ana ziboda za ng'ombe.

Rodney anatiwona tikudutsa pa msika wa ng'ombe. Anathamanga n'kudzaima kutsogolo kwa Monalisa.

"Mona, ukutani? Tiye tikambirane kaye. Ndinachitira iwe zimenezi! Madala ako anandipanikiza, ndikanatani?"

Ananena yekha, pamaso pa anthu, wina asanamufunse. Monalisa anangokoka chingwe n'kumulambalala. Anyamata omwe aja a njerwa anayamba kusendera, koma Sajeni Hadija anali atamva kale phokoso. Anafika n'kumugwira Rodney pa lamba.

"Aliyense wotola mwala agona naye limodzi," anatero, ndipo miyala inagwa pansi.

Kupolisi Sajeni anaika pepala lalikulu lija patebulo, pambali pake khadi loyera la Rodney. Anayang'anitsitsa pakona ya khadilo. Dzanja linalipo pomwepo, laling'ono ngati njere ya mpunga, koma zala zikuwerengeka. Khadi lomwelo ndinali nditaliona dzulo lake, n'kuligamula kuti ndi lenileni, osayang'ana pakonapo.

Monalisa anafotokoza zonse, za timadontho, za mzere uja, za pasiwedi, ndi za tsiku lomwe anadziwa. Pamenepo Sajeni anasiya kulemba n'kumuyang'ana, iye osathawitsa maso. Kenako anatuma wapolisi wina kukatsegula chitolokosi.

A Kalioti atatuluka sanayang'ane aliyense wa ife. Anapita molunjika pomwe tinamangirira ng'ombe, anaigwira mimba, anaiyang'ana ziboda, akuilankhula Chisena motsitsa. Anthu a kumsika anali atatitsatira, atadzadza kumpanda.

Ndinapita n'kugwada pa fumbi patsogolo pawo. Ine Esinala, amene sindigwadira ngakhale wa khonsolo akabwera kudzatseka shopu.

"Bambo, ndinakunamizirani, ndiponso ndinakutukwanani pa chilema chanu anthu akumva. Ndachita manyazi. Ndilibe choti ndinganene."

Ndinakweza mawu dala kuti a kumpanda amve. Palibe anaseka.

A Kalioti sanati dzukani, sanatinso ndakukhululukirani. Anatambasula dzanja lamanzere kuti ndiwapatse pepala lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, osati pa ng'ombe, koma pakona paja.

"Chindilumireni ng'ona, dzanja ili ndimalibisa," anatero. "Ngakhale pa ukwati wa mwana wanga, pojambula ndinaliika kumbuyo. Tsiku limeneli ng'ombe inavuta, ndinaiwala."

Anatembenukira kwa Sajeni. "Pepalali n'kutenga?"

"Limenelo ndi la kukhoti. Mtsikanayu akusindikizirani lina."

"Ndiye mukandimatire m'pulasitiki, mama," anandiuza ine. "Kwathu kumadontha."

Tinabwerera kushopu tonse atatu, ng'ombe tinaisiya pamthunzi kupolisi. Monalisa anasindikiza lina, pulinta ikukoka pang'onopang'ono monga muja, ndipo a Kalioti anaimirira pafupi kuonerera dzanja lawo likutuluka. Manja onse awiri anali atawatulutsa m'thumba, atawasanjika pa tebulo langa.

Ndinayatsa makina omatira. Ntchito imeneyi ndimaigwira ndikucheza, ngakhale ndikukangana ndi munthu pafoni. Koma tsiku limenelo pepala linkalowa mokhota, ndikalitulutsa, ndikaliikanso, likhotanso. Ine wa zala khumi, pepala limodzi linkandikanika.

"Gwirani uko, mama," a Kalioti anatero. "Ine ndigwira kuno."